Thovu

Ntchito yanga ndi mpweya.
Pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika wa Kapata,
ndimaviika chubu m'beseni la madzi akuda
n'kudikira thovu.
Pomwe patumphuke thovu, bala lili pomwepo:
ndipale, ndipake guluu, ndimate chigamba,
mwini njinga alipire azipita.

Koma Zelipa, mwana wanga wachiwiri,
sindingamuviike m'beseni.

Anayamba kuzindikira ndi amake.
Ati, mwanayu ndikampsompsona pamphumi
milomo imatsala ndi mchere ngati ndadya kapenta.
Tinaseka. Kenaka chinabwera chifuwa.
Miyezi isanu ndi umodzi akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu,
nthenda yomwe analibe,
mpaka ku Lusaka anayeza thukuta lake
n'kutipatsa dzina lopinda lilime,
sisitiki faibulosisi.
Ati munampatsa ndinu awiri, theka bambo, theka mayi.
Mubasi pobwerera sitinayang'anane mpaka pa Nyimba.

Kuchipatala chachikulu amampatsa kampope
kuti auzire ndi mphamvu zonse.
Chaka chatha nambala inali 84.
M'mwezi wa Juni, 77.
Lachiwiri lapitali, 69,
ndipo a Sisita Jere analemba mutu uli pansi.

Ndinafunsa kuti mpweyawo ukuthawira pati.

Ati sukuthawa, bambo, ukusowa njira.
Makhololo ake ndi ulimbo,
amamata tinjira ta m'mapapo,
tizilombo timapezamo malo n'kumanga mudzi.
Thupi limalimbana nato, limawotcha ndi nyumba yake yomwe,
nkhondo ikazirala patsala zipsera,
ndipo chipsera sichipuma.
Chimfine chilichonse chimatenga kake,
chikamapita sichibweza zonse.

Atatero anayamba kutchula za kwathu ku Mchini
ngati anagonako:
mbaula yomwe timalowetsa m'nyumba kukazizira,
nkhungu yakuda pakhoma la kumutu kwa bedi,
mgolo wa madzi ogonera pakhomo.
Fumbi la mu Okutobala sindingaliletse,
ngakhale utsi wa lupsa anyamata akamasaka mbewa m'phiri.
Koma atafunsa kuti ndani amasuta pakhomopo
ndinamva kandudu kakutentha m'thumba la malaya
chikhalirecho sindinakayatse.

Palinso njala ya mwana wodya.
Amadya kuposa mkulu wake, Zelipa,
chakudya chimangodutsa ngati mlendo wofulumira,
chifukwa timakapisozi tothandiza m'mimba
tikatha, timatha,
ndipo mwezi ndi wautali kuposa botolo.
Mwana wowonda, ati, alibe mphamvu yotsokomola.

Ndiye pali m'mawa uja timadzuka mochedwa,
amake athamangire tomato ku Saturday Market,
ine makasitomala,
n'kunena kuti msana timuomba madzulo.
Madzulo magetsi athima, tonse tatopa.
Masiku amenewo nawonso ali mu 69 muja.

Tsopano mbaula imagona panja.
Khoma ndinalipala ngati chubu, n'kulipaka laimu.
Ndudu zinandivuta milungu itatu, ndisaname,
kawiri ndinagwa.

Tambala asanalire kachiwiri ndimamugoneka pamiyendo panga,
manja ndawakumba ngati wotunga madzi,
phu phu phu pamsana,
iye amvekere, atate, ng'oma yanu ilibe nyimbo,
n'kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa,
chifuwacho n'kutulutsa ulimbo uja m'kachitini.

Chigamba cha mapapo kulibe, ndafunsa.
Chomwe a Sisita anatiphunzitsa ndi ichi:
botolo la madzi owiritsa, kapaipi koyera,
mwana auzire pang'onopang'ono, motalika.
Zelipa amauzira, masaya tuu,
madzi n'kuyamba kubwata.

Zaka makumi awiri thovu lakhala likundiuza
kuti pali chaboola.
Lero ndimagwada pambali pa botolo,
manja akununkha guluu,
ndikuliwerenga ngati ndalama,
ndikuti onjeza, mwanangu,
kamodzi kokha, onjeza.